Mkanjo Wopanda Mikono

Lirangwe,
9 Juni 2024

Wokondedwa Anwar,

Asalaam aleikum, mwana wanga. Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Joniko, ndi kuzizira kwanu kumene ife timangomva. Kuno tadzuka. Mayi ako bondo lija limawavutabe kukacha, koma kumunda sasiya, ndipo nandolo chaka chino wachita bwino. Ine maso ayamba kundinyenga, ulusi umalowa pa singano kachitatu, koma makina ndikupondabe pakhonde lomwe lija.

Ndalemba papepala chifukwa foni yanga suyankha. Kalatayi ndapatsira a Mailosi, amene akubwerera kumeneko Lachisanu.

Nkhani yoyamba ndi yabwino. Mlongo wako Bushra wapeza banja, mnyamata wa ku Mdeka wogulitsa zitsulo za njinga. Ankhoswe anakumana kale, ndipo nikah, ukwati wa ku mzikiti, ili pa 17 Ogasiti. Nkhani yachiwiri ndiyiyambira patali, undipirire.

Bushra pano akuphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina kufupi ndi Chileka. Mwezi watha anabwera pakhonde atanyamula makatani akale, nati ana a m'kalasi mwake akuchita sewero lakalekale la Angerezi, ndiye ndiwasokere zovala. Ndinamuuza kuti telala sasoka munthu amene sakumudziwa, andiuze kaye kuti uyu ndani, uyu ndani. Anakhala pa benchi n'kuyamba kuwerenga pa zala.

Anati muli mfumu imene inafa mwadzidzidzi ndipo imabwera ngati mzukwa, imeneyo ifuna nsalu yoyera. Muli mng'ono wake, amene anatenga mpando n'kutenganso mkazi wamasiyeyo, ameneyo afuna zofiira zonyezimira. Muli mayiyo, amene palibe adziwa ngati ankadziwapo kanthu kapena ayi. Ndiye muli mwana wa malemuyo, wovala zakuda poyamba mpaka pomaliza, amene anamva kuti bambo ake anachita kuphedwa ndi mng'ono wawoyo, ndipo ayenera kubwezera. Palinso mtsikana wosalakwa amene amatayika chifukwa amuna onsewa mitima yadzaza mkwiyo.

Choko chinandigwa m'manja. Bushra anachitola osandiyang'ana. Mwana ameneyu ndi wochenjera ngati mayi ake. Matelala ali mbwee pa Chileka pomwepo, koma iye anakwera minibasi kudzandipeza ine.

Ndinamufunsa mmene seweroli limathera. Anati onse amafa, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Ndinafunsanso ngati mwanayo ndi bambo ake aang'onowo anakhalapo pansi n'kuuzana zoona. Anati ayi, amangozondana mpaka kumanda. Akuti ana onse ankalimbirana zovala zakuda, koma malo a bambo aang'ono panalibe wowafuna, mpaka anachita maere. Ndinaseka nawo, koma mtima unkawawa.

Anwar, ndikudziwa chovala chimene unandisokera mumtima mwako zaka khumi zapitazo. Unamva zimene anthu ankanong'ona pa maliro a bambo ako, zoti ine Sefu ndadya mkulu wanga. Kenako eda ya mayi ako, miyezi ija yobindikira namfedwa, itatha, chaka chisanakwane n'komwe, ine ndinalowa m'nyumba. Iwe unanyamula chikwama. Sindinakuuze kanthu, ndinkati mwana akakula adzaona yekha. Pamenepo ndinalakwa, ndiye imva lero.

Achimwene anga a Jamal, bambo ako, sindinawaphe monga amachitira wa zofiira uja. Koma manja anga si oyera. Kunali kutatsala masiku awiri kuti Eid ifike, ntchito itandifika m'khosi. Anabwera pakhonde m'mawa atagwira pachifuwa, nati mpweya ukuwavuta, ndiwatengere kuchipatala pa njinga yamoto. Ine ndinawaseka. Ndinati n'kusala kudya chabe kumeneko, akhale pamthunzi ndimalize kaye zovala za anthu, tipita madzulo. Ndinawaopsezanso mwanthabwala kuti akandisokoneza, mkanjo wawo wa Eid sutha, pakuti unali pa mzere womwewo. Anaseka, nakhala pansi.

Dzuwa lili pamutu anagwa pa benchi. Ndinawamangirira kumsana kwanga ndi nsalu ya kasitomala, n'kuliza njinga. Tili pamsewu, mutu wawo uli paphewa langa, anandiuza kuti ndisamusiye Mwanahawa, mayi akowo, ndi ana inu. Kuchipatala tinafika ndithu, koma adokotala anangofunsa kuti tinali kuti m'mawa wonse.

Zimenezi mayi ako ndinawauza ndisanawakwatire. Analira masiku atatu, kenako anati mwini nthawi ndi Mulungu. Zokwatiwa ndi ine anasankha okha, palibe anawakakamiza. Ngati ukufuna womukwiyira, kwiyira ine, iwo uwasiye. Foni ikalira amathamanga ndi bondo lomwe lija, poganiza kuti ndiwe.

Zovala za sewero ndinasoka zonse kupatula cha mzukwa. Bushra anatsegula bokosi langa kufuna nsalu yoyera, napeza mkanjo uja wa bambo ako, thupi losokedwa kale, mikono isanalumikizidwe, choko changa chikuonekabe. Anapempha kuti autenge, ine ndinakana. Ndinamuuza kuti achimwene anga sanali munthu wotuma mwana kukapha mnzake, mzukwa wakewo uvale nsalu yoyala pabedi.

Sewerolo tinakaonera ndi mayi ako. Mnyamata wa zofiira atagwada kuti apemphe chikhululukiro, mawu n'kumukanika, holo yonse inamukuwiza. Ine ndinangowerama. Mayi ako anandigwira dzanja pagulu, zimene sanachitepo chikwatiranireni.

Tsopano pempho langa ndi ili. A shehe anena kuti pa nikah, bambo akamwalira, wopereka mkwatibwi ndi mlongo wake wamwamuna. Bambo wamng'ono amaima pokhapokha mlongoyo palibe. Ine ndikanatha kuima, koma Bushra wakanitsitsa. Akuti mlongo wake alipo, ndipo ukapanda kubwera, tsikulo azingolisuntha. Ukumudziwa, akanena wanena. Koma a ku Mdeka nawo ndi anthu, sangadikire mpaka kalekale.

Sindikupempha kuti unditchule bambo. Ukafuna, tsiku limenelo ndikhala kumbuyo kwenikweni mu mzikiti, kapena nditsala pakhonde panga. Koma bwera udzaime pamalo pako. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Mwana uyu asataye banja chifukwa cha mlandu wa iwe ndi ine.

Mkanjo uja ndautulutsa, ndauchapa, ndaupachika. Ndikufuna udzauvale pa tsikulo. Mayi ako akuti pachithunzi mapewa ako ndi a bambo ako enieni, ndingomaliza basi. Koma ine sindisoka munthu wa pachithunzi. Mikono ili pathebulo, ikudikira kuti ndikuyeze.

Undiperekere moni kwa akazi ako a Shamima, apongozi athu amene sitinawaonebe, ndi kwa onse akwathu amene uli nawo kumeneko. Mayi ako ndi Bushra akupereka moni. Allah akusunge, akutsegulire njira, akufikitse bwino.

Ukatsika basi pa Lirangwe, udzandipeza pamalo pomwe paja. Ngakhale ntchito idzakhale itandifika m'khosi, sindidzati dikira madzulo. Makina ndidzaimitsa nthawi yomweyo.

Ndine bambo ako aang'ono,
Sefu