Mwana wathu tinamutcha Manuele

Kasarani, Nairobi

Amayi okondedwa,

Dzulo taika mwana wathu m'manda. Anabadwa atamwalira kale, m'mawa wa Khirisimasi. Esinati akadali m'chipatala, koma thupi lake likuchira. Ine ndilipo. Ndikhulupirira kuti inu ndi bambo mukudzuka bwino.

Dokotala wandifotokozera kuti mchombo unamukulunga pakhosi. Palibe watilodza. Chonde musapite kwa sing'anga, ndipo mpongozi wanu musamuimbe mlandu.

Kwathu mtayo amakaika amayi okhaokha, popanda kulira kapena kutchula dzina. Ndinamukumbutsa Esinati zimenezi poganiza kuti mwambo umupepuza mtima. Ndinalakwa. Anatembenukira kukhoma, wailesi ya anamwino ikuimba za Mwana wobadwa ku Betelehemu.

Mayi Banda a Mvano, akwathu amene timapemphera nawo kuno, anandiitanira pakhonde. Anati, "Bambo, mwana woti wakhala akugunda m'mimba miyezi yonseyi, mukuti Mulungu samudziwa? Kamutcheni dzina."

Nditabwerera mkati, Esinati anati, "Ndi Manuele." Apa m'pamene analira.

Mukundidziwa, sindikhulupirira chinthu msanga, ndipo sindinama kuti mtima wakhala pansi. Koma kabokosiko ndinanyamula ndekha. Abusa atatchula dzina lake n'kuwerenga kuti akufa adzauka, ndinavomera ameni mokweza.

Mukamayankha kalatayi, mumutchule dzina mdzukulu wanu. Ambuye akusungeni nonse.

Esinati atuluka Lachisanu. Wapempha kuti tikayambire kumanda tisanafike kunyumba.

Ndine mwana wanu,
Fanuelo