Maungu Anga a Novembala Sanamere

Achimwene a Maclean,

Mwana wanga Hazel wandichititsa manyazi. Ine wokalamba wosapondapo kusukulu, wandilembetsa kalasi ya Chingerezi ku Evington, kuno ku Mangalande, pamodzi ndi anthu a ku Poland. Dzana timaphunzira liwu lakuti "sprout", kumera kwa mbewu. Bambo wina woyandikana naye dimba anapereka chitsanzo chakuti maungu anga sanamere, kalasi yonse n'kuseka. Ndinadzala mu Novembala ndi mvula, monga kwathu. Ndani anandiuza kuti kuno chisanu chimapha mbewu m'nthaka?

Tsopano Hazel akuti dimbalo alibweza Lamlungu kwa eni ake amene anatibwereka. Likapita, ine tsiku lonse m'nyumba ndekha ndidzi... Kaya. Tonse tili bwino, moni kwa alamu.

Inu Hazel amakumverani. Muimbireni lisanafike Lamlungu, asiye dimba langa mpaka Meyi, nthawi yodzala kuno.

Ndine mlongo wanu,
Anganile