Njinga Yapepala ya Bambo Khiem

Do Quang Khiem, wa ku Nam Dinh

Bambo, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Mpunga ndi nkhuku yowiritsa taika paguwa la makolo m'nyumba muno, pansi pa chithunzi chanu, koma lubani akungozima.

Timakumbuka liuma lanu. Miyendo ikufota, phazi likukwekwereza pansi, inu muli pamthuthuthu wa amalume a Tuong, kusakasaka mpaka kumapiri mabanja ena odwala nthenda yanu yosowayo. Munkati mankhwala sangayesedwe pa anthu amene palibe akuwadziwa. Madokotala a zipatala zitatu, aliyense ndi kapimidwe kake, munawatopetsa mpaka anagwirizana zopima mofanana. Amayi akakukalipirani kuti khalani pansi, munkaseka n'kuwatcha apolisi a m'nyumba.

Kafukufuku wa mankhwala munkadikirayo wafika ku Hanoi, inu kulibe. Mwana wanu Loc, amene anatengera nthendayi, akapimidwa Lachinayi. Madokotala akutenga okhawo amene angayende khonde lonse la chipatala popanda wowagwira. Akalephera basi, mwayi wina sudzamupeza akuyendabe.

Tinalakwa chaka chatha, Bambo. Pokuotcherani zovala zapepala, monga mwa mwambo wathu wotumizira katundu kwa omwalira, tinaotchanso njinga ya olumala yapepala kuti mukapumeko kumeneko, kuiwala kuti muli moyo munaikana kwamtuwagalu. Chiyambire tsikulo, masana aliwonse dzuwa likaswa mtengo anthu atagona, timamva phazi likukwekwereza pakhonde pathu, kupita ndi kubwera. Amayi amangotsinzina, amvekere nkhalamba yakwiya. Ine Nhan, mwana wanu woyamba, ndimaopa, sindibisa. Loc akuti akangokhala pansi kuti apume, dzanja lozizira limamulowa m'khwapa n'kumudzutsa. Masiku ano akuyenda kuposa mmene miyendo yakeyo ingathere.

Nkhani yatigawa m'nyumba muno. Amayi akufuna mukamugwire Lachinayi. Loc wakana. Akuti mukamugwira, madokotala alemba mphamvu zimene alibe, kenako mankhwala adzaoneka ngati ndiwo akumufooketsa, n'kuwatsekera ana a anzathu onse munawasonkhanitsa aja. Amayi alira, nanenso ndalira, chifukwa mukamusiya mwina akagwa. Koma miyendo ndi yake.

Choncho mupite naye, Bambo, koma mukaime kumapeto kwa khonde, manja kumbuyo. Akagwa, musamudzutse.

Ndife akazi anu a Tuyet, ana anu Nhan ndi Loc, ndi adzukulu. Sitidzakuiwalani, ndipo inunso mpata wake simukutipatsa.