Pothera Mabasi

Lolemba, 9 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi bambo ndi ana. Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Inu mumayankhula Chingerezi tsiku lonse kuhotela kwanuko, ndiye mundithandize.

Alamu anu, a Dikishonale aja, mukuwadziwa. Chipumireni pa uphunzitsi, kalasi yawo ndine. Ndikangoika tiyi patebulo, phunziro layamba: "Mayi, breakfast ndi mawu awiri, break ndi fast, kumasula kusala kudya kwa usiku." Ine ndimati, "Imwani tiyiyo, azizira ndi Chingerezi chanucho." Mawu amodzi amawafukula mpaka kumizu, ndiwo n'kupserera ine ndikumvetsera.

Tsono sabata yatha tinapita kuchipatala kukamva zotsatira za m'mimba muja mwawavutitsa chaka chino. Adokotala anayamba bwinobwino m'chiyankhulo chathu, koma alamu anu anawadula n'kuwayankha m'Chingerezi, nkhani yonse n'kuthawira komweko. Ine ndinangokhala pampando ngati chikwama. Koma makutu ndili nawo. Mawu amodzi anabwera mobwerezabwereza, ndipo adokotala powatchula ankayang'ana pansi: terminal.

Tili m'khonde ndinawafunsa. Iwo anati, "Aa, zosavuta mayi. Anachokera ku Chilatini, terminus, kutanthauza malire. Kumene mabasi amathera ulendo si paja amati terminal? Ndiye kuti matenda afika pothera." Basi, anathera pomwepo.

Achemwali, pomwepo! Munthu amene breakfast yekha anandiphunzitsa mpaka tiyi kuzizira, lero mawu a Chilatini awamalize tisanafike n'komwe pachitseko? Sindine mwana ine.

Chibwerereni akuchita zachilendo. Andionetsa potsekera madzi a nyumba yonse ndi kasinthidwe ka babu wa kubafa, zinthu zimene ankati ndisamakhudze ndingaphulitse nyumba. Dikishonale yawo yaikulu ija, imene ankandikalipira ndikaikapo kapu, apatsa mphunzitsi woyandikana nafe nyumba. Mankhwala amene tinalandira ndi oletsa ululu okhaokha, ndipo za tsiku lobwerera kwa adokotala sakuzitchula. Ndikawayang'anitsitsa amangoseka, amvekere, "Upolisiwu mwayamba liti, mayi?"

Ndisakubisireni, foni ndili nayo, ndipo tanthauzo ndikanalipeza ndekha. Mawuwo ndawalembamo kangapo, n'kufufuta. Ndikuopa, achemwali. Komanso zikundipsetsa mtima. Munthuyu sanandinamizepo chikwatiranireni, ndiye ayambe lero, n'kumandinamiza ndi mawu oona?

Dzulo popita kukameta, pafupi pomwepa, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mayi, mukudziwa kuti goodbye poyamba anali God be with you? Si mawu osiyanirana ayi, n'kungoti Mulungu akhale nanu." Anawafunsa ndani? Ndinawauza kuti afulumire ometa asanatseke. Atangotuluka ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti aneba asandimve ndikulira.

Pempho langa ndi ili. Ngati terminal ndi zimene anenazo, kuti amene akutha ndi matenda, ndiyankheni msanga, mundiseke umbuli wangawu, nanenso ndidzaseka. Koma ngati chikutha ndi china, musalembe kanthu, foninso musaimbe. Ingopemphani tchuthi mubwere. Ndikadzakuonani pageti ndidzadziwa.

Mundiperekere moni kwa bambo ndi ana onse. Alamu anu akupereka moni, ati mwakhalitsa osabwera, musachedwe. Zaka zonsezi sanayambe anenapo zimenezo. Mawu awo otsanzikira aja ine sindilemba.

Ndine mng'ono wanu,
amene koyamba m'moyo wake sakufuna kukuonani pageti.