Mizere ya Eliphalet

2 Seputembala 1771
Andisankha. Ndine wolakatula ndakatulo pa tsiku lolandira madigiri, m'Chilatini monga mwa mwambo. Bambo akamva adzavina ndi mwendo wodwala womwewo. Koma ine chimwemwe palibe. Bedi la mnzanga Eliphalet likadali pakonapo, lopanda bulangeti.

5 Seputembala
M'ndakatulomo ndalembamo mizere isanu yonena za Eliphalet. Mlandu wake wonse: anaimirira m'chipinda chodyera n'kunena kuti batala wawola. Basi. Anamuchotsa koleji mu Januwale. Masiku atatu wapansi m'chisanu kubwerera kwawo, kutsata mtsinje wa Connecticut. Chifuwa, kenako manda. Batalayo ankanunkhadi. Tonse tinkadziwa, tonse tinangoti phee. Inenso.

Ndawalembera kalata mayi ake, a Mehitable: bwerani, ndidzamutchula pamaso pa onse.

9 Seputembala
Ndakatulo iyenera kuyamba yaonedwa ndi mkulu wa koleji. Awerenga, ayamikira potamanda mfumu ya ku Mangalande, kenako cholembera khwaa! pa mizere ya Eliphalet. "Thurber, ukangotchula munthu wochotsedwa, za digiri uiwale." Anena uku akukanda pansi pa wigi, tsitsi lawo lochita kuvala.

Ine n'kuti, "Chabwino, bwana." Chabwino! Ndi pakamwa panga pomwepa.

10 Seputembala
Bambo afika, jekete lobwereka, manja ong'aluka. Zaka zinayi akulima okha kuti ine ndikhale pano. Akuuza aliyense pamsewu kuti wolakatula mawa ndi wawo.

Mizere ija ndinailoweza kale pamtima, mmenemo cholembera sichifika. Tiona mawa.

13 Seputembala
Mwambo unachitika dzana. Tchalitchi chinadzaza, kutentha koopsa, panja zidakwa ndi ogulitsa makeke. Mayi Mehitable kumbuyo kwenikweni, chiimirire, zovala zakuda. Nditafika pa mizere ija, mkulu anangodzutsa maso. Ndinaidumpha mizereyo. Anthu kuwomba m'manja, bambo misozi. Digiri ili m'bokosimu. Mantha anga akundinyansa.

Panja mayi aja anandigwira dzanja. "Mwanangu, Chilatinicho ine sindimva. Unamutchula pati?" Ndinati pakati, amayi. "Ndinadziwa. Mawu ako ananjenjemera pamenepo." Anandithokoza kawiri, n'kundipatsa masokosi aubweya amene anamulukira Eliphalet kuti adzavale tsiku limeneli.

Ndawayesa m'mawa uno. Mulungu andikhululukire, akundikwana ndendende.