Lolemba Alola, Lachitatu Akaniza Mwana Kupita Kusukulu

Aphungu,

Ndikulemba mtima ukudumphadumpha ndi chimwemwe, ngakhale pali kanthu kakundidya. Mwana wathu woyamba, wamkazi, wasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko! Kwathu ndi kwa amuna anga komwe palibe anafikapo kumeneko. Tsiku lomwe tinamva ndinalulutira mpaka mawu anasasa. Sukulu zomwe zinatsekedwa chifukwa cha mliri uja zatsegulidwa, ndipo atiuza kuti mwana akapanda kufika sabata yamawa isanathe, malo ake apatsa wina.

Vuto ndi bambo ake. Iwo ndi telala, ndipo yunifolomu asoka okha, mpaka siketi kuipinda kwambiri m'munsi kuti mwana akadzatalika tidzangomasula. Koma chimwalirireni mkulu wawo ndi mliriwu, m'mawa uliwonse khutu limakhala pawailesi, kumvera chiwerengero cha anthu opezeka ndi matendawa. Akamva amatenga choko cholembera nsalu n'kujambula mzere pakhoma kuseri kwa makina. Odwala akachuluka mzere ukwera, akachepa utsika.

Lolemba mzere unatsika. Analowa m'nyumba akuvina, tepi ili m'khosi: "Mayi a mwana, mliri watha! Longedzani, mwana apite!" Tinalongedza tikuimba. Lachitatu mzere unakwera, iwo n'kukhuthula sutikesi yonse pabedi. "Kuzizira kukubwera," anatero, "ana akathithikana m'chipinda chimodzi mazenera ali chitsekere. Wanga sapita." Sabata yathayo zinalinso chimodzimodzi. Mwanayo amangovala yunifolomu, kudziyang'ana pagalasi, n'kuvulanso.

Aphungu, bwanji ndingomukweza basi Lolemba likubwerali bambo ake adakali m'chisangalalo, kuti pofika Lachitatu akhale atapita kale?

E.K.M., kuseri kwa msika

Mayi E.K.M.,

Choyamba landirani nthungululu zanga! Mwana ameneyo wachita chamuna ndipo ayenera kupita. Koma zomuzembetsazo iwalani. Lachitatu likakwana bambowo adzakwera basi yomweyo kukamutenga, manyazi n'kugwera mwana pamaso pa anzake.

Amuna anu sakulakwa kutsata chiwerengero, chalakwika ndi kayezedwe. Kawirikawiri zomwe amamva Lolemba ndi za anthu oyezedwa Loweruka ndi Lamlungu, pomwe malo ambiri oyezera amakhala otseka. Oyezedwa akachepa, opezeka ndi matenda amachepanso. Pakati pa sabata zotsalira zija zimatuluka pamodzi, mzere n'kulumpha. Poti ndi telala, afunseni: kasitomala akabweza mimba poyezedwa, thalauza lake limamukwana? Lolemba lawolo ndi mimba yobwezedwa.

Auzeni asiye kujambula tsiku ndi tsiku. Aziphatikiza sabata yathunthu n'kuyerekeza ndi sabata yapitayo. Azimveranso ngati ogonekedwa m'zipatala akuchuluka kapena ayi, pakuti munthu wodwalika sadikira Lolemba kuti apite kuchipatala. Akatero choko chija chidzawauza zoona, ndipo mwina adzadabwa kuona kuti mzere woopsawo wangokhala pamodzimodzi.

Za kuzizira akunena zoona, musawatsutse. Pitani nawo kusukuluko sabata yomwe ino, akaone ndi maso awo chipinda chogona, mazenera ndi posambira m'manja. Kafunseni aphunzitsi aakulu kuti mwana akayamba kutsokomola amamugoneka kuti, nanga makolo amawadziwitsa bwanji. Mudutsenso kuchipatala mukafunse za katemera wa msinkhu wake. Pobwerera apatseni bambowo ntchito ya manja awo: asoke jekete lokhuthala ndi zotchinga kukamwa zokwanira, kuti mwana wanu asakakhale woyamba kutseka zenera usiku wozizira.

Mukapeza kuti ogonekedwa akuchulukadi sabata ndi sabata, musangokhala phee kunyumba. Kakambiraneni ndi aphunzitsi aakulu maso ndi maso kuti malo a mwana asungidwe.

Chenjezo langa ndi ili: musawaseke amuna anu, ngakhale mutapambana mkanganowu. Munthu amene anaika mkulu wake m'manda saopa manambala, amaopa kuikanso wina. Tsiku la ulendo inu mutsale, iwo amuperekeze okha mpaka pageti la sukulu. Akabwerako maso ali ofiira, musawafunse kuti ayenda bwanji. Ingowaikirani madzi otentha osamba, n'kukhala nawo pafupi.