Mano a Hormidas

Lolemba, 12 Januwale 1953

Tawina 3–2. Zigoli ziwiri zanga. Chaka chachisanu ndi chinayi ndikusewera kutsogolo m'timu ino ya hoke ya pa ayezi, bondo likadagwira.

Koma zachitika zopusa. Tisanalowe pa ayezi aliyense amavula mano ake oikirira n'kuwaika m'kapu ya pepala yolembedwa dzina lake. Makapu khumi ndi imodzi pashelefu. Lero chitsiru china chasinthanitsa manowo. Tayesa amodziamodzi mpaka aliyense wapeza ake. Kupatula ine. Anga apita ndi Hormidas, goloboyi wathu, amene wagulitsidwa lero lomwe ku timu ya kumadzulo. Wathamangira sitima osasamba n'komwe. Ine ndatsala ndi ake. Mano a bulu.

Lachiwiri, 13 Januwale

Lamulungu ndikukaonekera kwa bambo ake a Odile, bwenzi langa. A Charbonneau, otsogolera kwaya kutchalitchi. Ananeneratu: "Mwana wanga sangakwatiwe ndi wahoke wopanda mano." Odile anawauza kuti anga ndi obadwa nawo, onse. Anga aja anali aang'ono, achikasu pang'ono, ngakhale wansembe sakanadziwa. Ndi awa milomo sikukumana. Ndikalankhula pakumveka likhweru.

Ndatumiza telegalamu kwa Hormidas. Ndili ndi mantha, kunena zoona. Mkazi ameneyu ndimamufuna.

Lachinayi, 15 Januwale

Masewero ndi anyamata a kumgodi. Mano anakana kuvuka, ndinasewera nawo choncho. Wakumbuyo wawo atandiona ndikubwera, mano onse pamtunda, anapatuka yekha. Zigoli zitatu. Kochi akuti: "Ukawabweza, Gédéon, nawenso ndikugulitsa."

Yankho la Hormidas lafika: "AISE MANO AKO NGAANG'ONO KOMA CHIWATENGERE SANANDIMWETSEPO CHIGOLI. SINDIBWEZA." Galu ameneyu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikupirira mkonono wake m'sitima.

Loweruka, 17 Januwale

M'mawa wonse pagalasi, kuphunzira kutseka pakamwa. Ndinayesa kuwapala ndi tupa yonolera nsapato za pa ayezi. Limodzi lafupika, ndiye enawo akuoneka ataliatali kuposa kale.

Odile wandiona. Waseka mpaka kukhala pansi m'chipale chofewa, kenako walira. Akuti ndizikangogwedeza mutu, ndisakaseke, ndipo switi ya amayi ake ndisakaikhudze.

Lamulungu, 18 Januwale

Msuzi wa nsawawa, bwinobwino. Chitumbuwa cha nyama, bwinobwino. Maola awiri ndikugwedeza mutu. A Charbonneau mpaka anati ndine munthu wofatsa.

Kenako amayi anabweretsa switi yawo yomata ya manyuchi, n'kundiikira okha m'dzanja. Ukakana bwanji? Ndinaluma. Ndinakoka. Switi inatuluka ndi mano onse, apamwamba ndi apansi, n'kugwera m'mbale ya pakati patebulo. Ali phee pamenepo, kusekerera banja lonse.

Odile maso pansi. Ine mumtima ndinali nditatsanzika kale, ndikungofuna pamene ndinasiya chipewa.

A Charbonneau anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa zala m'kamwa, n'kutulutsa awo, n'kuwaika pambali pa a Hormidas. Odile sankadziwa. Amayi ankadziwa, anangokankhira switi kwa amuna awo.

"Ndodo ya hoke, 1921," anatero. "Sindinkafuna tikhale awiri m'banja limodzi. Koma zaka makumi atatu ndikukana switi iyi pamaso pa alendo, ndatopa."

Tinaimaliza awiriwiri, ndi nkhama. Ukwati mu Juni. Ndinalira, sindibisa.

Lolemba, 19 Januwale

Potsanzika dzulo ndinatola mano m'mbale muja mwachangu, mutu uli kumwamba. Ndazindikira m'mawa uno. Si a Hormidas. Akundikwana kuposa anga aja.

Odile waimba lamya. Bambo ali ndi maliro oti akaimbe masana ano, ndipo milomo yawo sikukumana. Akufuna awo. Kochi akufuna ndivale mano a Hormidas pamasewero a mawa. Hormidas ali ndi anga, makilomita zikwi ziwiri kuchoka pano. Ine pagalasi ndikuoneka ngati munthu koyamba sabata ino, ndipo Juni si kutali, pali zithunzi za ukwati zoti tijambulitse.

Wina akugogoda. Akuitana dzina langa, ndi likhweru.